Kodi Nsalu ya Agogo Inali ya Mtundu Wanji?

M'mabanja ambiri a masiku ano mwabuka kamkangano kamene makolo athu akale sakanakalota n'komwe. Pakachitika ukwati, chinkhoswe kapena ubatizo wa mwana, pamapezeka mnyamata kapena mtsikana wa pabanjapo atagwira kamera ya dijito, mwina yobwereka, mwina yotumiziridwa ndi mbale wake wa ku Johannesburg. Tsono mwambo ukatha, onse n'kuunjikana kuti aone zimene zajambulidwa, amapeza kuti zithunzi zina, makamaka zimene wojambulayo akuzinyadira koposa, n'zakuda ndi zoyera. Pamenepo nkhope ya mayi wa mkwatibwi imagwa, nafunsa kuti, "Iwe mwana, nsalu imene tinaigula modula chonchija waichotseranji mtundu wake? Kodi unali pamaliro?" Mwanayo naye amangoona ngati akuluakulu sadziwa luso. Ife amene timakhala pakati pa mbali ziwirizi, m'mawa tili ndi ana m'kalasi, madzulo tili ndi makolo awo, tamva madandaulo a onse. Tikuona kuti onse ali ndi mfundo, koma sanadziwe kuti kamera ya dijito ingathe kuwapatsa zithunzi za mitundu yonse iwiri pa kudina kumodzi, malinga munthu ataikonza bwino asanayambe kujambula.

Tiyambe ndi kuwamvetsa makolo. Ife amene tinabadwa cha m'ma 1970 tikumukumbukira wojambula wa panjinga, kamera ili lende pakhosi, akuyenda mudzi ndi mudzi Loweruka ndi nthawi ya Khirisimasi. Filimu yake inali ya zithunzi 24 kapena 36, ndipo sankapita nayo kutauni kukatsukitsa isanadzaze, kotero kuti munthu ankadikira mwezi wathunthu, mwina iwiri, asanaone nkhope yake papepala. Zithunzi za mitundu, zimene tinkangozitcha za kala, zinali zodula, ndipo kwa anthu wamba zinafika mochedwa, ngakhale kuti ku America filimu ya Kodachrome inali itatuluka kale m'chaka cha 1935. Choncho kwa munthu wa msinkhu wathu, chithunzi chakuda ndi choyera chimanunkha kusowa. Chimamukumbutsa nthawi imene kunalibe kusankha. Mwana akamabwerera dala kumene kholo lake linachokako mosangalala, kholo liyenera kudabwa ndithu.

Komabe tikupempha makolo atsegule sutikesi imene amasungamo mapepala, aike zithunzi zakale pamphasa. Adzaona chinthu chodabwitsa. Chithunzi chakuda ndi choyera cha m'ma 1960, ngati chiswe ndi chinyontho sizinachipeze, chikadali chooneka bwino, makwinya a pankhope ndi mabatani a jekete zonse zili mbee. Koma cha kala cha m'ma 1980, chimene chinali chonyaditsa pa nthawi yake, kawirikawiri chafiirira, thambo lasanduka ngati dothi la katondo, ndipo anthu onse akuoneka ngati anaima m'fumbi la mwezi wa Okutobala. Chifukwa chake n'chakuti chakuda ndi choyera chinapangidwa ndi timibulu ta siliva, tomwe sitisintha msanga, pamene cha kala chinapangidwa ndi utoto wa mitundu itatu, ndipo utotowo susuluka mofanana. Wina ukatha, otsalawo amalanda chithunzi chonse.

Achinyamata asafulumire kuomba m'manja, pakuti zithunzi zolimbazo zili ndi chimene zinatibisira. Ambiri taonapo chithunzi chodziwika cha Mbusa John Chilembwe ali ndi akazi awo a Ida. Maimidwe awo tikuwaona, ulemu wa zovala zawo tikuuona, koma chithunzicho sichingatiuze kuti diresi la a Ida linali la mtundu wanji. N'chimodzimodzi ndi agogo athu amene anaima patsogolo pa nyumba ya udzu atavala nsalu yawo ya patchalitchi. Mdzukulu akafunsa kuti nsaluyo inali yofiira kapena yobiriwira, palibe woyankha, chifukwa pepala silinasunge, ndipo amene ankadziwa anatsogola. Wojambula wa nthawi imeneyo sitingamuimbe mlandu, analibe njira ina. Koma mwana wa lero amene wachotsa mtundu pa chithunzi chokhacho cha agogo ake, ali ndi chida chokhoza kuusunga, watayitsa chinthu chimene sichinali chake yekha. Madzi akatayika saoleka.

Kuti timvetse mmene tingasungire zonse ziwiri, tiyenera kudziwa pang'ono za mmene kamera imaonera. M'malo mwa filimu, kamera ya dijito ili ndi kachipangizo kotchedwa sensa, kamene kali ndi timaso tating'onoting'ono mamiliyoni ambiri. Kadiso kalikonse kamangoyesa kuchuluka kwa kuwala kumene kwagwa pa iko, koma mtundu sikaudziwa. Kunena zoona, kamera ya dijito inabadwa yosaona mitundu. Yoyamba imene Steven Sasson anailumikiza ku kampani ya Kodak m'chaka cha 1975 inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, za timadontho 10,000, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti ilembe chithunzi chimodzi pa tepi ya kaseti, yonga imene tinkamvera nyimbo.

Nanga mitundu imachokera kuti? Nzeru yake ndi yakale kuposa kamera zimenezi. M'chaka cha 1861, ku London, James Clerk Maxwell anaonetsa kansalu kamene kanajambulidwa katatu, koyamba kudzera m'sefa yofiira, kachiwiri yobiriwira, kachitatu ya buluu, ndipo zithunzi zitatuzo ataziwalitsa pamodzi pakhoma, chilichonse ndi kuwala kwa mtundu wake, mitundu inaoneka. Patapita zaka zoposa 100, Bryce Bayer, wa ku Kodak komweko, anaika nzeru yomweyo pa sensa, ndipo njira yake inalembetsedwa m'chaka cha 1976. Pa timaso tinayi tilitonse, tiwiri anativundikira ndi sefa yobiriwira, kamodzi yofiira, kamodzi ya buluu. Zobiriwira zinachuluka chifukwa diso la munthu limamva kuwala kobiriwira koposa kwina konse. Kenaka kakompyuta ka m'kameramo kamayerekeza zimene kadiso kalikonse kaona ndi zimene anzake oyandikana nako aona, n'kupeza mtundu wa kadontho kalikonse. Kamera zambiri ndi mafoni ambiri amene tili nawo akuyendera njira imeneyi. Zilipo zina zopanda masefawo, monga Leica M Monochrom imene inatuluka m'chaka cha 1012 kuphatikiza 1000, ndiye kuti 2012, ndipo imajambula zakuda ndi zoyera zokha. Mtengo wake tisautchule pano, mungaleke kuwerenga.

Apa ndiye pagona nkhani. Kamera ikajambula, ingathe kusunga ntchito yake m'njira ziwiri. Njira yoyamba imatchedwa RAW, ndiko kusunga zonse zimene timaso tija tinayesa, osachotsapo kanthu. Yachiwiri imatchedwa JPEG, ndiko kutenga zoyesedwazo, kuzikonza monga mwini kamera walamulira, kutaya zotsala, n'kusunga chithunzi chopepuka chimene foni iliyonse ingatsegule. Ana athu a Sitandade 7 timawauza kuti RAW ndi ufa, JPEG ndi nsima. Amene ali ndi ufa angaphike nsima lero, phala mawa, chigumu mkuja. Amene wasunga nsima yokha sangaibwezenso kukhala ufa. Tsono mnyamata akaika kamera pa Monochrome, n'kumasunga JPEG yokha, kamera imataya mitundu nthawi yomweyo, ndipo palibe katswiri amene angaibweze. Koma akasankha RAW+JPEG, kudina kumodzi kumabala mafailo awiri: JPEG yakuda ndi yoyera, monga iye wafunira, ndi RAW imene mitundu yonse ikadalimo, kuyembekeza tsiku limene mayi adzafune kuona nsalu yawo.

Pali zingapo zoyenera kuchenjera nazo. Failo ya RAW ndi yolemera kangapo kuposa JPEG, choncho kakhadi ka m'kamera kamadzaza msanga. Ndiponso malo ambiri otsukira zithunzi amafuna JPEG, kotero RAW iyenera kuyamba yaphikidwa, pa kompyuta kapena m'kamera momwemo, pakuti kamera zambiri za masiku ano zimakhoza kutulutsa JPEG yatsopano kuchokera ku RAW popanda kompyuta. Zina za Fujifilm zimatha kutulutsa zithunzi zitatu za maonekedwe osiyana pa kudina kumodzi. Amene kamera yake ilibe RAW, kapena akujambula ndi foni, lamulo lake n'lapafupi: ajambule za mitundu, akope chithunzicho, ndipo asinthe chokopacho. Mafoni ena amasunga chithunzi choyambirira ngakhale chitasinthidwa, ena ayi, ndipo chimene chatumizidwa pa WhatsApp chili chakuda ndi choyera chimakafika kwa wolandira chili chomwecho. Kawirikawiri chimene chimapulumuka foni ikatayika kapena ikagwera m'chitsime ndi chotumizidwacho.

Wina adzati, mapanga awiri avumbwitsa. Ngati mtundu ungachotsedwe pambuyo pake, n'kuvutikiranji kuika kamera pa Monochrome? Funsoli n'loyenera, ndipo yankho lake ndilo limene achinyamata ambiri okonda zakuda ndi zoyera sanalilingalire. Diso lathu limanyengedwa ndi mitundu. Tengani mbendera ya dziko lathu, yakuda, yofiira ndi yobiriwira. Ndi maso, mizere itatuyo imasiyana poyera. Koma muijambule yakuda ndi yoyera, mudzaona kuti chofiira ndi chobiriwira zayandikana kwambiri, zonse zasanduka zotuwa ngati phulusa, ndipo dzuwa lofiira lija langotsala pang'ono kumira m'mzere wakuda. Mulu wa tomato pakati pa masamba a mpiru pamsika umachita chimodzimodzi. Chimene chinakopa diso chinali kusiyana kwa mitundu, ndipo mitundu ikachoka palibe chotsala. Chithunzi chakuda ndi choyera chimaima pa zinthu zina: kumene kuwala kukuchokera, kumene mthunzi wagwa, mizere ya chinthu, kukhakhala kapena kusalala kwake. Chichewa chathu chinaona zimenezi kalekale, pakuti mau akuti chithunzi ndi akuti mthunzi ndi apachibale.

N'chifukwa chake kuika kamera pa Monochrome kumathandiza. Wojambula amaona pagalasi la kumbuyo kwa kamera dziko lopanda mitundu, ndipo amayamba kusuntha mapazi, kufunafuna mbali imene kuwala kukugwa bwino, m'malo mongodalira kuti chitenje chowala chimupulumutsa. Kamera zopanda kalilole m'kati zimaonetsa zakuda ndi zoyera ngakhale pa kazenera koikapo diso. Zakale zokhala ndi kalilole zimaonetsa mitundu pa kazenerako, ndipo munthu amaona zotsatira pagalasi la kumbuyo. Luso limeneli si lachilendo kwa ife monga tiganizira. Usiku wa mwezi, ana akamasewera pabwalo, palibe amene angasiyanitse bwino malaya ofiira ndi obiriwira, chifukwa kuwala kukachepa, mbali ya diso imene imazindikira mitundu imapuma, n'kusiyira ntchito mbali imene imangodziwa kuwala ndi mdima. Komabe mayi amamuzindikira mwana wake patali, ndi kaimidwe ndi kayendedwe.

Ubwino wina wa kusunga mitundu ndi wakuti ngakhale chithunzi chakuda ndi choyera chimakoma koposa chikachokera ku failo imene mitundu ikadalimo. Posandutsa mitundu kukhala kutuwa, njira imene yakhala ikugwiritsidwa ntchito kuyambira pa wailesi ya kanema imatenga magawo pafupifupi 59 pa 100 kuchokera ku chobiriwira, 30 ku chofiira ndi 11 ku buluu. Koma amene ali ndi RAW angasinthe muyeso umenewu. Akakweza chofiira, tomato uja amawala, masamba n'kuda, ndipo thambo la buluu limada kotero kuti mitambo yoyera ya pamwamba pa phiri la Mulanje kapena la Dedza imatumphuka ngati thonje. Akakweza chobiriwira, munda wa chimanga umayera. Ojambula akale ankachita zimenezi pomangirira galasi lachikasu, lofiira kapena lobiriwira kutsogolo kwa kamera, ndipo ankayenera kusankha asanadine. Lero masefa omwewo ali m'kamera, pansi pa mau a Monochrome, ndipo wosunga RAW angayese onse ali khale panyumba.

Tsono ndi ziti zoyenera mitundu, ndi ziti zoyenera kuda ndi kuyera? Ife tili ndi maganizo athu, ndipo sitikuwabisa. Ukwati ndi wa mitundu. Anthu anakhala pansi miyezi ingapo kukambirana za nsalu ya akuchikazi ndi ya akuchimuna, ndipo wojambula alibe ufulu wofafaniza zokambirana zawo. Nyanja dzuwa likamatuluka, mitengo ya jakaranda ikachita maluwa, mbaula ya moto madzulo, zonsezi moyo wake uli m'mtundu. Ndipo chithunzi chimene chikupita kukagwira ntchito, monga cha tsamba la chimanga lodwala chopita kwa mlangizi wa zaulimi, chisachotsedwe mtundu ngakhale pang'ono, pakuti iye akufuna kuona ngati tsambalo lachita chikasu kapena lafiirira. Koma nkhope ya munthu wokalamba, manja a mayi akupeta, mwana ataweramira pa kope pafupi ndi zenera la kalasi, zimenezi zimalankhula momveka mitundu ikakhala chete. Kumbuyo kwa agogo kukhoza kukhala chidebe cha pulasitiki chofiira ndi chikwangwani chachikasu cha kampani ya mafoni. Pa chithunzi cha mitundu diso limathamangira kumeneko, pa chakuda ndi choyera limabwerera kwa agogo. M'chipinda mmene kuwala kwa babu kwasakanikirana ndi kwa pazenera, n'kuchititsa nkhope kukhala yachikasu mbali imodzi ndi ya buluu mbali ina, kuchotsa mtundu kumachiritsa chithunzi.

Makolo amene akuopa kuti chitenje chimafa chikachotsedwa mtundu afunefune zithunzi za Seydou Keïta, wojambula wa ku Mali amene anatsegula malo ake ojambulira mu mzinda wa Bamako m'chaka cha 1948. Iye ankakhazika amayi ovala nsalu za maluwa patsogolo pa nsalu ina ya maluwa, n'kuwajambula zakuda ndi zoyera, kawirikawiri ndi kuwala kwa dzuwa. Pamenepo munthu amaona kalembedwe ka nsalu, kamangidwe ka duku ndi kakhalidwe ka dzanja pabondo mwa njira imene mitundu ikanaphimba. Zithunzi zakezo lero zimaonetsedwa m'nyumba zazikulu zosungiramo zaluso ku Ulaya ndi ku America.

Pali gulu limodzi limene limayesa wojambula aliyense, ndilo amayi a Chigwirizano kapena a Mvano ali mu yunifolomu yawo. Bulauzi yoyera, duku loyera, siketi yakuda: iwo anabwera ali akuda ndi oyera kale, ndipo munthu angaganize kuti ntchito yaphweka. Koma kamera poyesa kuwala imayembekeza kuti dziko ndi lotuwa pakatikati, ndiye ikaona zoyera zambiri padzuwa imachepetsa kuwala, nkhope za amayiwo n'kusanduka mabowo akuda pakati pa duku ndi kolala. Vuto la kujambula khungu lakuda bwino ndi lakale. Kuyambira m'ma 1950, malo otsukira zithunzi za mitundu ankayesera makina awo pa khadi la Kodak lotchedwa Shirley, limene linali ndi nkhope ya mayi wachizungu, ndipo khadi lokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana linatuluka m'ma 1990. Kamera za lero zili bwino koposa, komabe wojambula azithandize. Asawaimike amayiwo padzuwa la masana. Apite nawo pamthunzi wa mtengo wa mango kapena pakhonde, nkhope zitayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Pa kamera pali batani la chizindikiro cha kuphatikiza ndi kuchotsera. Aonjezere kuwala pang'ono kufikira maso ndi masaya zitaoneka, koma osafika poti mapindo a bulauzi asowe. Apanso RAW imathandiza, pakuti JPEG imasunga masitepe 256 okha kuchokera pa mdima kufika pa kuwala pa mtundu uliwonse, pamene RAW ya kamera zambiri imasunga 4,096 kapena 16,384, ndipo nkhope imene inada ingathe kutsitsimutsidwa.

Achinyamata ena atiuza kuti nkhawa yathu ndi yachabe, popeza masiku ano pali mapulogalamu amene amapaka mitundu pa chithunzi chilichonse chakale m'kamphindi. Tawaona, ndipo tikuvomereza kuti amasangalatsa. Koma pulogalamuyo sikumbukira kanthu, imangolota. Imadziwa kuti udzu umakhala wobiriwira ndi thambo la buluu, koma ikafika pa nsalu ya agogo imasankha mtundu umene yaukonda, ndipo mawa pulogalamu ina idzasankha wina. Kuopsa kwake n'kwakuti chithunzi chopakidwacho chikazungulira pa foni za achibale, pakapita zaka zochepa ana adzakhulupirira kuti agogo ankavala zofiirira, pamene mwina mtundu umenewo ankadana nawo. Amene wapaka chithunzi chakale anene poyera kuti wachita kupaka, ndipo choyambiriracho achisunge pambali pake.

Chotsala ndi kutsukitsa. Makadi amaonongeka, mafoni amabedwa, ndipo failo ya RAW imafuna pulogalamu yoidziwa, choncho pa zithunzi zofunika mutulutse JPEG ziwiri, ya mitundu ndi yakuda ndi yoyera, muzisunge malo awiri osiyana. Pa mwambo uliwonse musankhe zisanu kapena khumi zokha, muzitsukitse papepala, za mitundu muziike mu alubamu kutali ndi dzuwa, pakuti chopachikidwa pakhoma moyang'anana ndi zenera ndicho chimasuluka msanga. Pansi pa chithunzi mulembe maina, malo ndi chaka, pa tsamba la alubamu, osati ndi bolopeni kumbuyo kwa chithunzi, chifukwa imadinda mpaka kumaso. Ndipo pa zakale zija za m'sutikesi, ngati alipo wamoyo amene analipo tsiku lojambulalo, mupite nazo kwa iye mwezi uno, mukamufunse mtundu wa chovala chilichonse, mulembe. Muyambire kwa azakhali. Abambo ambiri adzangokuuzani kuti jekete linali lakuda, koma azakhali adzakuuzani mtundu wa nsalu, sitolo ya Mmwenye imene anaigula, ndi mashilingi amene analipira.